Zimene ndinaona pobwezera ana a m'dera lathu pabwalo lamasewera

Ndine mlangizi wa zaumoyo, gulu lija limene kumudzi mumalitcha "adokotala" ngakhale sitinapondeko pakoleji ya udokotala. Ndimagwira ntchito m'dera lina la m'mphepete mwa mzinda wa Lilongwe, kumene kale kunali minda ya chimanga ndi madambo koma lero kwadzaza nyumba za lendi, mipanda ya njerwa ndi timaokala. Ntchito yathu mukuidziwa: sikelo ya ana, katemera, kugawa kolorini kolera ikavuta, kuyendera zimbudzi ndi kulemba malipoti osatha. Za masewera a ana palibe bwana amene anandituma. Chinandikokera kumeneko ndi benchi ya pakiliniki ya BP ndi shuga.

Ndikuyamba ntchito, pabenchi imeneyi pankakhala agogo oyendera ndodo. Masiku ano ndimapezapo dalaivala wa minibasi wa zaka za m'ma 30, mayi wogulitsa kaunjika amene mwana wake woyamba sanafike n'kusekondale komwe, mphunzitsi amene ndinkamuona ali mnyamata. Ena amabwera okha mutu ukawakanika, ena amachita kunyamulidwa atafa kale mbali imodzi, pakamwa patakhota, achibale akunong'onezana kuti alipo wamuponyera. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Odwala shuga anali pafupifupi 6 pa 100 alionse. Mankhwala a matenda amenewa samwedwa masiku atatu ngati a malungo. Ndi a moyo wonse, ndipo akasowa kuchipatala munthu amakagula kufamase mwezi ndi mwezi, ndalama ya ufa n'kuthera pamapilitsi.

BP siyamba tsiku limene makina aipeza. Zoyambitsa zake n'zambiri: mchere wochuluka m'ndiwo, mowa, fodya, kunenepa, ndiponso za kumtundu. Koma pali china chimene timachipeputsa, thupi longokhala, ndipo chizolowezi chimenechi munthu amachitola ali wamng'ono. Mtima ndi mnofu, umalimba ukamagwira ntchito. Minofu ya miyendo ndi mikono ikamagwira ntchito imayamwa shuga wa m'magazi. Mafupa nawo amakhwima kwambiri paubwana ndi paunyamata, ndipo chimawakhwimitsa ndi kudumpha ndi kuthamanga. N'chifukwa chake a WHO amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 aziyendetsa thupi mphindi 60 patsiku, mwamphamvu yoti mtima ugunde mofulumirako ndi kapumidwe kasinthe, ndipo masiku osachepera atatu pasabata pazikhala zothukutsa kwenikweni. Ola limenelo silichita kufuna kuti likhale lathunthu nthawi imodzi. Mphindi 20 popita kusukulu, 15 pabuleki, zotsalazo madzulo, lakwana. Komabe kafukufuku amene bungweli linatulutsa mu 2019, wochokera m'mayiko 146, anasonyeza kuti ana 81 pa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 salikwanitsa. Atsikana ndiye 85, anyamata 78.

Nditatchula zimenezi pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, bambo wina anaimirira chipewa chili kumanja.

"Adokotala, pepani, zimenezo n'za azungu. Mwana wakuno amalima, amatunga madzi, amayenda wapansi. Athamange chifukwa chiyani? Akumuthamangitsa ndani?"

Anthu anaseka, ndipo mbali ina bamboyo ankanena zoona. Mwana wa kwathu ku Ntcheu amene amalawirira kukapalira kaye, kenako n'kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, madzulo n'kukatema nkhuni, ola la WHO amalipitirira dzuwa lisanafike paliwombo. Iyeyo chimene akusowa ndi chakudya chokwanira ndi mpata wopuma. Paja kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kumuuza woteroyo kuti azithamanga m'mawa n'kumulakwira. Koma ana a m'dera lathu ambiri si amenewonso. Ndinapempha makolowo kuti aliyense alondole m'mutu mwake tsiku la mwana wake, kuyambira podzuka.

Tinalondola limodzi. Amadzuka, wakabaza wanjinga yamoto akuimba kale belu pageti. M'kalasi amakhala pansi kuyambira m'mawa, kaya padesiki kaya pasimenti. Pabuleki, tchipisi cha pachiwaya kapena mandasi, kutsitsira filizesi. Akaweruka, pati taimu, kukakhalanso pansi. Akafika kunyumba geti amatseka, ndiye ndi TV kapena foni ya amayi ake mpaka tulo. Anyamata okulirapo amathera kuvidiyo kapena kokabetcha, ndipo akhoza kukutchulirani osewera onse a Arsenal iwo asanamenyepo mpira chaka chonse. Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti tikuweta mabuloila tsopano!" Kuseka kwachiwiriku kunali kosiyana ndi koyamba kuja.

Makolo otsekera ana mumpanda sindiwanena. Mantha awo ndi enieni: njinga zamoto zothamanga m'tinjira ta m'makwalala, magalimoto a mchenga, anyamata a chamba pansi pa mlatho, azibambo onyengerera ana. Palinso kaganizidwe kathu kakuti kunenepa ndiko kupeza bwino. A bungwe lofufuza za matenda la MEIRU atayeza anthu ku Area 25 ndi ku Karonga, zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupitirira muyeso, pamene akumudzi anali 27. Ambiri mwa amayi amenewo akauzidwa kuti anenepa amayankha kuti zikomo.

Ife amene tinali kupulaimale m'ma 1980 palibe amene anatiphunzitsa za mphindi 60. Tinkangosewera: fulaye mpaka botolo lidzaze mchenga, phada, jingo, chipako, raundasi, chibisalirano kukakhala mwezi. Anyamata ankamanga chikulunga kapena kuyendetsa galimoto zamawaya mudzi wonse. Kusukulu kunali apayoniya otitulutsa panja kukachita PE (masewera olimbitsa thupi), ndiponso Youth Week. Sindikulirira nthawi imeneyo, chifukwa apayoniya tinkawaopa ndipo panali zifukwa zowaopera. Gulu lawo linathetsedwa mu December 1993. Chaka chotsatira, 1994, pulaimale inakhala yaulere, ana olembetsa n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwambiri, koma ana amenewo anafunika makalasi, ndipo m'sukulu zambiri malo omangapo anali pabwalo. Pambuyo pake PE anaiphatikiza ndi nyimbo ndi luso la manja m'phunziro la Expressive Arts, limene pamayeso a Sitandade 8 limayankhidwa papepala. Mwana akhoza kukhoza funso la chiwerengero cha osewera ntchemberembaye asanaponyepo mpira m'golo. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ana anazolowera kwambiri m'nyumba, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi anathamangira kumaliza silabasi, zakunja n'kuiwalikiratu.

Ndinayambira kwa ahedi a sukulu yapulaimale ya m'dera langa.

"Ahedi, ndabwera kudzapempha bwalo."

"Amayi, bwalo lake liti? Tiyeni mukalione nokha."

Theka lake linali mizere ya chimanga. Pakati panadutsa njira ya malole, ndipo pangodya ina munthu anali atatsitsa kale njerwa, akuti malowo anagula. Apa ndi pamene pali nkhondo yaikulu, ndipo amene mukufuna kuyamba zoterezi kwanu muyambire pomwepa, musanaganize za mipira kapena mayunifolomu. Tinaitana komiti ya sukulu, anyakwawa ndi agulupu, n'kuyenda nawo malire onse limodzi ndi akuluakulu amene ankakumbukira pamene sukulu inathera pa nthawi imene malowo ankaperekedwa. Zonse zimene tinagwirizana zinalembedwa, onse anasaina, makope n'kupita kwa a PEA (alangizi a sukulu zapulaimale m'zoni) ndi kukomiti ya chitukuko ya m'dera. M'malire tinadzala khonje ndi mitengo, panjira ya malole tinakwirira zitsa. Za pakamwa pokha musadalire, chifukwa mfumu imasintha, ahedi amasamutsidwa, ndipo wogula malo amabwera ndi pepala lake. Aphunzitsi amene ankalimapo tinawalola kukolola kaye. Kuwazulira chimanga chaching'ono kukanatidanitsa ndi anthu amene tinkawafuna kwambiri.

Bwalo litapezeka panatsala nthawi. Ahedi anavomera zinthu zitatu zing'onozing'ono: kalasi iliyonse izituluka panja paphunziro la Expressive Arts kamodzi kapena kawiri pasabata, buleki isamadulidwe pofuna kubwereza masamu, ndipo Loweruka m'mawa bwalo likhale la mwana aliyense wa m'dera, wapasukulu ndi wosiya sukulu yemwe. Aphunzitsi a Sitandade 8 anakana poyamba, ndipo ndinawamvetsa, poti iwo amaweruzidwa ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita kusekondale. Ndinawaonetsa kuti malangizo a WHO omwewo amatchula kuti kuyendetsa thupi kumathandiza mwana kutchera khutu ndi kuchita bwino m'kalasi, komanso kumachepetsa nkhawa. Chinawagonjetsa kwenikweni si pepala langa. Anaona okha kuti ana akabwerako kunja, kusinza kwa m'ma 11 koloko kuja kumachepa.

Chinthu china chimene tinapempha n'chakuti kuthamanga kusakhale chilango. M'sukulu zambiri wochedwa amauzidwa kuzungulira bwalo kapena kudumpha chule anzake akumuseka. Mwana woteroyo akadzakula n'kuuzidwa ndi dokotala kuti azithamanga, chimene chimamubwerera m'mutu ndi manyazi aja.

Masewera a m'sukulu monga tinawazolowera amasankha. Aphunzitsi amatenga anyamata 11 odziwa mpira ndi atsikana 7 odziwa ntchemberembaye, ana mazanamazana otsalawo n'kukhala oombera m'manja. Pampikisano wa zoni zimenezo n'zoyenera. Koma ife a zaumoyo amene tikumufuna ndi uja sasankhidwa: wonenepa amene amatsalira kumbuyo, wamanyazi, wolumala mwendo, mtsikana amene amangoima pakhonde. Ndiye Loweruka lathu sitiyimbira mpira umodzi wa anthu 22. Bwalo timaligawa zigawo zinayi, timatimu ta asanuasanu, magolo a miyala, mipira ya chikulunga yomanga okha. Pamenepo aliyense amaugunda mpira, palibe woima kudikira. Kumbali kumakhala fulaye ndi jingo. Zingwe ndi za khonje kapena zidutswa za matayala, mphete ya ntchemberembaye anatipindira wowotcherera zitsulo wa pamsika ndi chitsulo chotsala pawindo, mitengo ya magolo ndi bulugamu. Poyambapo chimene tinagula ndi ndalama ndi wezulo basi.

Zimene sindinkayembekezera n'zakuti magule ndiwo anakoka ana ambiri kuposa mpira. Amayi a gulu la chimtali anavomera kumabwera ndi ng'oma zawo, ndipo bambo wina wa ku Nkhotakota anayamba kuphunzitsa anyamata mganda. Amene munavinapo mganda mukudziwa kuti mphindi 20 zokha malaya amakhala atanyowa. Makolo amene ankakayikira mpira sankaona vuto mwana kukaphunzira gule kwa azakhali ake a mnzake.

Nkhani ya atsikana ndiyo inandidyera nthawi yambiri. Mpaka Sitandade 4 kapena 5 amathamanga mofanana ndi anyamata, ena kuwaposa. Akafika Sitandade 6 ndi 7 amayamba kusowa mmodzimmodzi. Ukawafunsa pagulu amangoti "sindifuna" maso ali pansi. Amayi a mada gulupu ndi amene anawafunsa paokha, ndipo mayankho anali omveka bwino. Woyamba ndi ntchito: mlongo wake akaweruka amaponya chikwama n'kutuluka, iye amayamba mbale, madzi, mwana kumsana, moto. Wachiwiri ndi msambo. Alibe mapadi odalirika, chimbudzi cha pasukulu chilibe chitseko, ndiye adumphe bwanji? Wachitatu ndi chifuwa: mawere ayamba, bula alibe, akathamanga zimamupweteka ndipo anyamata amakuwiza. Kenako pali malangizo a kunyumba akuti wakula tsopano, usamadumphedumphe pamaso pa amuna, ndi mphekesera yakuti mtsikana wosewera mpira kapena wokwera njinga sadzabereka. Mphekesera imeneyi ndi bodza. Masewera satseka mimba, ndipo kwa atsikana ambiri kuyendayenda kumachepetsa kupweteka kwa m'mimba pa nthawi ya kumwezi.

Amayi aja anachita zimene ine ndi mafomu anga sindikanatha. Anasoka mapadi ochapa ndi timakabudula ta nsalu tovala m'kati mwa siketi, moti ngakhale a mipingo yoletsa thalauza analibe chonena. Mmodzi wa iwo wogulitsa kaunjika ankapatula mabula olimba akatsegula belo n'kuwagulitsa pamtengo wogulira. Komiti inaika zitseko pazimbudzi ziwiri ndi ndowa yamadzi m'kati. Atsikana akuluakulu tinawapatsa chigawo chawochawo cha bwalo, pamene pamakhala mayi wamkulu, ndipo mnyamata wokuwiza amatuluka m'masewera tsiku limenelo.

Kunyumba ina ndinachita kupitako ndekha, chifukwa mtsikana waluso kwambiri pa mpira wamiyendo anali atasiya kubwera. Amakhala ndi agogo ake.

"Agogo, mdzukulu wanu tikumusowa kubwalo."

"Mwanawe, ameneyu ndi namwali. Azikathamanga ndi anyamata miyendo ili pamtunda? Adzamukwatira ndani?"

Ndinawafunsa ngati anamvapo za ana a kwa Chawinga a ku Rumphi, Tabitha ndi Temwa. Anati pawailesi amawatchula. Ndinawauza kuti Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, kuti timu ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndi kuti Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pampikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Agogo anatafuna mawuwo kanthawi.

"Kaya. Bola azibwera msanga adzatereke madzi a nsima."

"Nanga mlongo wakeyu, agogo, manja alibe?"

Anaseka mpaka kutsokomola, koma Loweruka lotsatira mtsikana uja anabwera. Maina a akatswiri amatsegula zitseko, ndipo ndimawagwiritsa ntchito mosachita manyazi. Ndimangosamala kuti ndisalonjeze kholo lililonse kuti mwana wake adzakwera ndege. Mwa ana onse amene amabwera pabwalo lathu mwina sipadzatuluka katswiri ndi mmodzi yemwe, ndipo si chimene tinayambira.

Posonkhanitsa ana pamafunika malamulo owateteza, ndipo muwaike tsiku loyamba, zinthu zisanaipe. Athu ndi awa: wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi, kaya ndi kochi kaya ndi mphunzitsi, nthawi zonse pakhale mayi ndi bambo odziwika ndi komiti, za madzulo zithe dzuwa likadalipo ndipo ana apite kwawo m'magulu. Munthu wongotulukira n'kudzipereka kuti aziphunzitsa atsikana mpira kwaulere timayamba tamufufuza kwa amfumu ndi kumene anachokera. Ana onse tinawaloweza nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ochitiridwa nkhanza.

Njala nayo musaiiwale. M'kati mwa sabata ana a sukulu zolandira phala, monga la Mary's Meals imene inayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, amakhala ndi kena kake m'mimba. Loweruka phala kulibe, ndipo m'dera limodzi lomwelo muli mwana wonenepa ndi tchipisi ndi wina amene anagona ndi madzi okha. N'chifukwa chake timayamba m'mawa dzuwa lisanakwere n'kumaliza msanga, makamaka mu October ndi November. Ndowa ya madzi othira kolorini imakhala pamthunzi, aliyense ndi kapu kapena botolo lake. Miyezi ya January ndi February, njala ikafika pachimake, timachepetsa zothamanga n'kuchulutsa magule ndi phada.

Monga wazaumoyo ndiyenera kutchula za ana odwala, chifukwa makolo amalakwitsa mbali ziwiri: ena amawaletseratu, ena salabadira. Mwana wa mphumu akhoza kusewera, bola mankhwala ake opopera akhale pafupi ndipo ayambe pang'onopang'ono. Wa khunyu amene akumwa mankhwala akhoza kusewera mpira ndi kuvina. Chimene sitilola n'kukwera mumtengo kapena kusambira popanda womuyang'anira. Wa matenda a magazi a siko selo azimwa madzi pafupipafupi, azipuma akatopa, asakakamizidwe kupikisana. Ana achialubino timawaika chigawo cha kumthunzi, ndi chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa. Koma mwana akakomoka pothamanga, akamva kupweteka pachifuwa, kapena akamabanika kuposa anzake pantchito yochepa, asiye pomwepo ndipo apite kuchipatala. Kuno kwathu alipo ana amene mtima wawo unawonongeka ndi zilonda za pakhosi zimene sizinachizidwe, ndipo nthawi zina bwalo ndi limene limawaulula. Muyeso wosavuta kwa ana athanzi ndi uwu: ngati akutha kulankhula koma sangathe kuimba nyimbo, ndiye kuti thupi likugwira ntchito pamlingo woyenera.

Makolo atayamba kumabwera kudzaonerera, ndinayamba kubweretsa makina a BP n'kukhala nawo pansi pa mtengo. Munthu amene sangapite kuchipatala asakudwala amatambasula mkono mosavuta pamene akudikira mwana. Angapo tinawapeza ndi BP yokwera kwambiri n'kuwatumiza kukiliniki. Amayi ena, atatopa ndi kuonerera, anamanga zitenje m'chiuno n'kupempha mphete ya ntchemberembaye ana akamaliza. Tsopano ali ndi timu yawo, ndipo amakangana ndi woyimbira kuposa ana.

Kwa inu amene kwanu kulibe bwalo ngakhale pang'ono, zilipo zimene ndaona zikuthandiza. Chingwe chodumpha chimakwana pakhonde la nyumba ya lendi. Makolo a mumzere umodzi akhoza kugwirizana kuti ana aziyenda limodzi kupita kusukulu, wamkulu mmodzi akuwaperekeza mosinthana, kabaza n'kutsalira tsiku la mvula. Ndalama yake imakhalanso yapulumuka. Ntchito za pakhomo zigawidwe kwa anyamata ndi atsikana mofanana, kuti wina apeze thukuta, wina apeze mpata wosewera. Foni izibwera pambuyo posewera. Ndipo ngati bambo amatuma mwana kukatenga rimoti imene ili patebulo pomwepo, asadabwe mwanayo akakana kuyenda kupita kuchigayo.

Zonsezi ndi za anthu wamba, koma pali mbali imene anthu wamba sangaithe okha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18. Chaka chomwecho mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 achepetse ndi 15 pa 100 chiwerengero cha anthu osayendetsa thupi mokwanira. Zolinga zilipo. Chimene ndimaona pansi pano n'chakuti nkhaniyi ilibe mwini. Sukulu zili ndi akuluakulu awo, masewera ali ndi awo, malo ali m'manja mwa makhonsolo ndi mafumu, matenda akabwera ndiye amakhala athu. Ine mwezi uliwonse ndimawerenga ana obayidwa katemera, zimbudzi ndi zitsime, koma palibe amene amandifunsa kuti m'dera langa muli mabwalo angati osewerera ana. Zimene sizifunsidwa pa lipoti sizipatsidwanso ndalama.

Bwalo la Bingu limene linatsegulidwa mu 2017 ndi lokongola, ndipo nyumba yamasewera ya Griffin Saenda inatithandiza kulandira masewera a achinyamata a mayiko a kum'mwera kwa Africa (Region 5) mu 2022. Ndimanyadira. Koma mwana wa m'dera langa alibe ya minibasi yopitira kumeneko, ndipo ola lake la tsiku ndi tsiku liyenera kupezeka pamtunda woyenda wapansi kuchokera pakhomo. Ndikanakhala ndi mawu kumene amagawa ndalama, ndikanapempha kuti podula mapuloti atsopano pazisiyidwa malo osewerera olembedwa m'mapu, kuti oyendera sukulu azifunsa ngati ana anatulukadi panja, ndi kuti misewu yatsopano izikhala ndi mbali ya oyenda pansi ndi apanjinga. Pakadali pano khomo limene lili pafupi ndi la komiti ya chitukuko ya m'mudzi, khansala ndi phungu. Thumba la chitukuko cha m'dera likhoza kusalaza bwalo ndi kuika mjigo pambali pake ngati anthu alemba pempholo n'kumalikumbutsa. Chikho cha bonanza chimene andale amakonda kubweretsa kampeni ikayandikira chimatha sabata ziwiri, ndipo osewera ake ndi aja 11 omwe aja.

Phindu lenileni la ntchitoyi lidzaoneka ana amenewa akadzafika zaka za m'ma 40, ine nditapuma kale pantchito, ndipo mwina n'chifukwa chake andale saithamangira. Zimene ndikuona lero ndi zazing'ono: Loweruka m'mawa mwini vidiyo amadandaula kuti makasitomala achepa, ndipo atsikana a Sitandade 7 amene ankaima pakhonde tsopano amakanganirana chingwe.

Gulu limene likadatisautsa ndi la anyamata a zaka 16 ndi 17 amene anasiya sukulu. Iwo chikulunga amachiona ngati chachibwana, amafuna mpira weniweni, bwalo lonse ndi kubetcherana ndalama, ndipo akafika amathamangitsa ang'onoang'ono. Kuwapitikitsa sikunathandize, ankangobwerera ndi mkwiyo. Tinakhala nawo pansi pamaso pa anyakwawa n'kugwirizana kuti m'mawa azithandiza kuyimbira timatimu ta ana ndi kujambula mizere ndi phulusa, ndipo masana bwalo lonse likhale lawo, pamodzi ndi mpira wachikopa umene komiti inagula. Mpirawo umagona kwa ahedi, ndipo amaulandira akamaliza ntchito ya m'mawa. Kubetcha pabwalo tinaletsa, ngakhale tikudziwa kuti ena amakapatsirana kuseri kwa kalasi. Mwezi wamawa tikukambirana nawo zokumba ngalande kumunsi kwa bwalo mvula isanayambe, chifukwa chaka chatha madzi anadikha pamenepo mpaka March.